Funsani za Nyengo ndi Mapu: Kodi makina amaiona bwanji mvula ya namondwe?

Makalata ambiri a mwezi uno afunsa za mapu a mvula aja amene amayenda pa kanema ndi m'mafoni. Ine ntchito yanga ndi yojambula mapu a mitsinje ndi madera amene madzi amasefukira, choncho ndiyankha ngati munthu amene amagwiritsa ntchito manambala a mvula tsiku ndi tsiku. Zolosera nyengo zili ndi eni ake, a Nthambi ya Zanyengo ku Blantyre, ndipo chenjezo lawo ndi limene tiyenera kulimvera.

Bambo, ndimaphunzitsa jogalafe pa sekondale ina m'boma la Phalombe. Ana anga a Fomu 3 anaona pa kanema mapu a ku America pomwe mvula imaoneka zigamba zobiriwira, zachikasu ndi zofiira zikusuntha. Akuti ndi radar. Anandifunsa kuti chinthuchi chimaiona bwanji mvula, komanso ngati chikanatipulumutsa nthawi ya namondwe Freddy. Ndinawalonjeza kuti ndikafunsa.
*Mphunzitsi, Phalombe*

Aphunzitsi, auzeni anawo kuti mvula ikamagwa usiku atenge tochi, aime pakhonde, aunike kunja. Adzaona madontho akunyezimira chifukwa kuwala kwawomba pa iwo n'kubwerera m'maso. Radar imachita zomwezo, koma m'malo mwa kuwala imatumiza mafunde a wailesi. Pamwamba pa nsanja pamakhala mbale yaikulu yobisika m'chimpira choyera. Mbaleyo imazungulira, n'kumaponya mafunde pang'onopang'ono, kenako n'kumvetsera zobwerera. Nthawi imene mafundewo atenga kupita ndi kubwerera imasonyeza kutalika kwa pomwe pali mvula, ndipo mphamvu imene abwerera nayo imasonyeza kuchuluka ndi kukula kwa madontho. Ikazungulira kamodzi imadzutsa mutu pang'ono n'kuzunguliranso, mpaka itaunika mtambo wonse kuyambira kunsi mpaka kumwamba. Zonsezi zimatha m'mphindi 5 mpaka 10, ndiye chithunzi chatsopano chimatuluka. Zithunzizo zikatsatizana ndi pamene mvula imaoneka ikuyenda. Ku America kuli makina oterewa pafupifupi 160, n'chifukwa chake mapu awo sakhala ndi mipata yambiri.

Mitundu ija imaimira muyezo wa mphamvu ya mafunde obwerera, wotchedwa dBZ. Pa 20 ndi mvula yowaza. Pa 30 ndi pafupifupi mamilimita 3 pa ola, pa 40 ndi mamilimita 11 kapena 12, pa 50 ndi pafupifupi mamilimita 50 pa ola, ndipo zikapitirira 55 kawirikawiri mumtambomo muli matalala. Koma apa mpamene ndikufuna anawo amvetse bwino: radar siyeza mvula imene yafika pansi. Imayeza mafunde obwerera kuchokera m'mwamba, ndiye anthu amachita masamu kuti ayerekeze mamilimita. Masamuwo anayamba ndi Marshall ndi Palmer a pa yunivesite ya McGill ku Canada, omwe mu 1948 anafalitsa zimene anapeza atatchera mapepala opaka utoto pamvula n'kumayeza kukula kwa dontho lililonse. Vuto lake ndi lakuti dontho likakula kawiri, mafunde amene limabweza amachuluka ka 64, pamene madzi ake angochuluka ka 8. Choncho mtambo wa madontho akuluakulu ochepa umaoneka woopsa kwambiri pa radar, pamene mtambo wa timadontho ting'onoting'ono tambirimbiri umaoneka wofatsa ngakhale ukukhuthula madzi ochuluka. Mvula ya namondwe ndi ya mtundu wachiwiriwu. N'chifukwa chake akatswiri ali ndi masamu ena a mvula ya anamondwe, ndipo pa 40 dBZ yomweyo masamuwo amapereka mamilimita oposa 20 pa ola, pafupifupi kuwirikiza kawiri. Wina akasankha masamu olakwika, mapu ake amaoneka okongola koma theka la madzi lasowa.

Palinso vuto lina lomwe inu a ku Phalombe likukhudzani mwachindunji. Mafundewa amayenda mowongoka pamene dziko ndi lobulungira, ndiye akamatalikira amanka nakwera kusiya nthaka pansi. Pa mtunda wa makilomita 100 amakhala pafupifupi kilomita imodzi ndi theka m'mwamba, pa makilomita 200 amakhala atadutsa makilomita 4. Mvula ya chiperoni, yomwe mitambo yake imakwawa m'munsi, ingathe kugwa tsiku lonse radar yakutali osaiona. Ndipo phiri limatchinga. Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002. Mutaika radar ku Blantyre, chilichonse chomwe chili kuseri kwa Mulanje chingakhale mumthunzi.

Tsono za Freddy. Chenjezo loti namondwe akubwera linalipo masiku angapo asanafike. Freddy anabadwira kunyanja kufupi ndi Australia kuchiyambi kwa Febuluwale 2023, anawoloka nyanja yonse ya India, anadutsa Madagascar, analowa ku Mozambique, anabwerera kunyanja, n'kudzalowanso kufupi ndi Quelimane pa 11 Malichi. Bungwe la zanyengo padziko lonse linatsimikiza kuti anakhala masiku 36, ndipo palibe namondwe wina wolembedwa amene anakhalitsa chonchi. Njira yonseyi ankamutsatira ndi masetilaiti, makamaka akatswiri a Météo-France pa chilumba cha La Réunion omwe amayang'anira chigawo chathu cha nyanja, ndipo a Nthambi ya Zanyengo analengeza pa wailesi. Chimene chinali chovuta kudziwa ndi ichi: mwa mapiri onsewa, ndi liti limene likulandira mvula yoopsa ola lino? Soche, Chiradzulu, Michesi, kapena mbali iti ya Mulanje? Funso limeneli radar yapafupi imaliyankha bwino kuposa chida china chilichonse, chifukwa imaona dera laling'ono ngati kilomita imodzi ndipo imabwereza mphindi zingapo zilizonse. Ikanatha kupereka ola limodzi kapena awiri. Ola limodzi ndi lokwanira kuti banja lichoke mphepete mwa khwawa, pokhapokha ngati uthengawo wafika kwa amfumu ndi ku komiti ya m'mudzi usiku womwewo, ndipo anthu akudziwa kale kothawira. Anawo musawabisire mbali imeneyi. Ambiri mwa iwo anataya abale, ndipo ayenera kumva yankho lonse.

Foni yanga ili ndi pulogalamu ya zanyengo yomwe ili ndi mapu a mvula. Sabata yatha inasonyeza mvula yambiri pamwamba penipeni pa mudzi wathu, ine n'kuthira feteleza, koma sikunagwe ngakhale dontho. Kodi radar imeneyi imanama?
*Mlimi wa fodya ndi chimanga, Kasungu*

Pepani bambo, feteleza ndi mtengo wake masiku ano zimenezi n'zowawa. Chimene munaona pa fonipo mwachionekere sichinali radar. Mapulogalamu ambiri a m'mafoni, akafika kumadera opanda radar, amasonyeza zimene kompyuta yaikulu ya ku Ulaya kapena ku America yalosera, kapena zimene setilaiti yayerekeza poona kuzizira kwa mitambo kumwamba kwake. Njira yozindikirira ndi yosavuta: ngati mapuwo akukulolani kuona mvula ya mawa kapena ya Loweruka, ndi zolosera, chifukwa radar imangoona zomwe zikugwa panopa.

Makompyuta olosera aja amagawa dziko m'mabokosi a makilomita 9 kapena kuposa. Mvula yamabingu ya ku Kasungu mukuidziwa nokha, imatha kunyowetsa munda wa mnzanu n'kulumpha wanu. Kompyuta ikhoza kulondola kuti masana ano m'bomali mugwa mvula yamabingu, koma siingaloze mudzi. Pamene imalondola kwambiri ndi pa mvumbi wa dera lalikulu, ngati mphepo yachinyontho ya ku Congo yakhazikika pa chigawo chapakati kwa masiku angapo. Muziiona foniyo kuti mudziwe ngati sabatayo ndi yonyowa kapena youma, koma za tsiku lothira feteleza gwirani dothi ndi dzanja, ndipo funsani alangizi zimene a zanyengo alengeza za boma lanu.

Ndili chaka chomaliza pa yunivesite ndipo pulojekiti yanga ndi yojambula mapu a mmene mvula ya Freddy inagwera m'chigawo chakummwera. Laputopu yanga ndi yakale, ndalama zogulira pulogalamu ndilibe. Ndiyambire pati?
*Wophunzira, Thyolo*

Mwanawe, wasankha ntchito yabwino, ndipo ndalama za pulogalamu sufunika. Tsitsa QGIS, pulogalamu yojambulira mapu. Ndi yaulere, imayenda ngakhale pa laputopu yotopa, ndipo ndi yomwe ine ndimagwiritsa ntchito pa mapu anga ambiri.

Manambala a mvula uwatenga ku masetilaiti. Gwero loyamba la manambalawa loti ulidziwe ndi IMERG, lochokera ku ntchito ya GPM imene NASA ndi bungwe la zamlengalenga la ku Japan anaiyamba mu Febuluwale 2014. Setilaiti yaikulu ya GPM ili ndi radar yakeyake yoyang'ana pansi, koma imadutsa pamalo amodzi mwa apo ndi apo, choncho ntchito yake yaikulu ndi kuwongola zimene masetilaiti ena ambiri akuyerekeza. Zotsatira zake ndi mapu a mvula a mphindi 30 zilizonse, m'mabokosi a pafupifupi makilomita 11 mbali iliyonse. Amatulutsa mitundu itatu: wachangu womwe umatuluka patatha maola 4, wina wapakati, ndi womaliza womwe umatenga miyezi yoposa itatu chifukwa amauwongola ndi zoyezera mvula zapansi. Iwe tenga womalizawo, poti Freddy anadutsa kale. Lembetsa ku NASA kwaulere, lowa pa tsamba lawo la pa intaneti lotchedwa Giovanni, jambula bokosi lozungulira chigawo chakummwera kuphatikizapo mbali ya Mozambique, sankha masiku a pa 10 mpaka pa 15 Malichi 2023, ndipo tsitsa fayilo ya GeoTIFF, mtundu wa fayilo ya mapu umene QGIS imatsegula. Osatsitsa dziko lonse lapansi, bandulo yako ingathe usanafike pa Africa. Lachiwiri ndi CHIRPS la ku yunivesite ya California ku Santa Barbara, lomwe mabokosi ake ndi a makilomita 5 ndipo limayambira mu 1981. Lachitatu ndi TAMSAT la ku yunivesite ya Reading, lopangidwira Africa, kuyambira 1983. Awiriwa ndi abwino poyerekeza Freddy ndi zaka zina, koma amapereka mvula ya tsiku lathunthu, choncho sangakuuze kuti inakula ola liti.

Pansi pa mvulayo uike mapu a kukwera ndi kutsika kwa nthaka. A SRTM, omwe anajambulidwa ndi radar kuchokera pa chombo cha Endeavour mu Febuluwale 2000, ali ndi mabokosi a mamita 30 ndipo ndi aulere. Mitsinje, misewu ndi midzi uzipeza pa masamba a mapu a pa intaneti a OpenStreetMap ndi MASDAP. Njira imene diso la namondwe linadutsa ili mu IBTrACS, kaundula wa anamondwe wa bungwe la ku America la NOAA.

Tsono tamvera misampha, chifukwa ophunzira ambiri amene amandibweretsera mapu awo amakodwa pa malo omwewa. Manambala a IMERG a mphindi 30 amalembedwa m'mamilimita pa ola. Ukangowaphatikiza onse 48 a tsikulo osagawa pawiri, upeza mvula yowirikiza kawiri. Nthawi yake ndi ya UTC, nthawi yogwirizana ya dziko lonse lapansi, yomwe imatsalira ndi maola awiri pa nthawi yathu, pamene zoyezera mvula zathu zimawerengedwa 8 koloko m'mawa. Ndiye tsiku la setilaiti ndi tsiku la mlangizi wa ku Thuchila si tsiku limodzi. Ukafuna kuziyerekeza, phatikiza wekha kuyambira 06:00 UTC mpaka 06:00 UTC. Mu CHIRPS malo opanda nambala amalembedwa -9999, ndipo ukaiwala kuuza QGIS kuti iwanyalanyaze, avereji ya boma lonse imatuluka yopanda nzeru. Poyeza mtunda kapena kukula kwa dera, sintha mapu onse akhale mu UTM zoni 36 kummwera, njira yosonyezera malo pa mapu m'mamita. Ndipo ukabwereka mapu akale a ku Survey, kumbuka kuti ambiri ali mu njira yakale yosonyezera malo yotchedwa Arc 1950, ndiye ukawasanjika pa atsopano osawasintha, mtsinje umasuntha mamita mazana awiri kapena atatu, mudzi wa kutsidya lino n'kupezeka kutsidya lina.

Ukathana nazo zimenezi, usathamangire kuwerengera mvula boma ndi boma. Madzi sadziwa malire a DC. Gwiritsa ntchito mapu a SRTM aja kudula dera lililonse lomwe madzi ake amathira mumtsinje umodzi: Ruo payekha, Thuchila payekha, Likhubula, Phalombe, Mudi, Mwanza. Kenako chida cha mu QGIS chotchedwa Zonal Statistics chikupatsa mvula ya dera lililonse, ndipo ukaijambula ola ndi ola uona dera limene linayamba kudzaza. Kumbuka kuti milimita imodzi ndi lita imodzi pa sikweya mita, kapena malita 10,000 pa hekitala. Chulukitsa ndi kukula kwa deralo, upeza madzi amene mtsinjewo unayenera kunyamula. Jambulanso mapu atatu osiyana: mvula yonse ya masikuwo, mvula yochuluka kwambiri ya maola atatu otsatizana, ndi mvula ya masiku 30 namondwe asanafike. Mapu atatuwa salozera malo amodzi, ndipo pamene akumana mpamene pulojekiti yako yagona.

Chomaliza, chomwe kwa ine ndi chachikulu kuposa zonse. Lembera kalata a Nthambi ya Zanyengo kudzera kwa aphunzitsi ako, upemphe manambala a zoyezera mvula za masiku amenewo. Ku Nkhulambe, m'boma la Phalombe, kunalembedwa mamilimita oposa 1,000 m'masiku anayi, kuposa mvula imene Lilongwe amalandira chaka chathunthu. Ika kadontho ka Nkhulambe pa mapu ako, uone nambala ya bokosi la setilaiti pamalo omwewo. Masetilaiti amakonda kuchepetsa mvula ya m'mapiri, chifukwa mphepo yachinyontho ikagunda phiri n'kukwera, mvula imakhuthuka kuchokera m'mitambo yomwe kumwamba kwake si kozizira kwambiri, ndipo bokosi limodzi la makilomita 11 limasakaniza phiri ndi chigwa. Kusiyana kumene upezeko usakubise kumapeto kwa lipoti. Kuike patsogolo, siteshoni ndi siteshoni, usonyeze ngati kukukula pamene ukuyandikira phiri komanso mbali iti ya phirilo. Anthu amene tikujambula mapu a madera oopsa tikufuna kudziwa zimenezo.

Kwathu kuno madzi amatipeza kumwamba kuli mbee. Tikudabwa m'bandakucha madzi ali m'nyumba, mvula osagwa. Mapu anuwo angatithandize chiyani ife?
*Mayi wa komiti yoona za ngozi, kuchigwa cha Shire*

Mayi, funso lanu ndi limene limandikhazika pa kompyuta mpaka usiku. Madzi amene amakupezaniwo anagwa dzulo lake kapena dzana kumapiri. Ruo amatenga madzi a kummwera kwa Mulanje, a ku Thyolo ndi a mbali ya Milange ku Mozambique, n'kudzawathira mu Shire pa Chiromo. Akabwera ndi mphamvu amatchinga Shire, madzi n'kubwerera m'mbuyo kulowa mu Elephant Marsh ndi m'midzi yozungulira. Mwanza naye amabweretsa ake kuchokera kumtunda kwa kumadzulo. Choncho mapu amene inu mukufunika si a mvula ya pamudzi panu. Ndi a mvula ya kumtunda kwa mtsinje wanu, ndipo mbali ina ya kumtundako ili m'dziko la eni. Apa setilaiti imatithandiza kwambiri chifukwa imaona mbali zonse za malire.

Koma ndikuuzeni zoona: mapu achangu a setilaiti amatuluka patatha maola 4. Kwa Shire, yemwe amakwera pang'onopang'ono, nthawiyo ndi yokwanira. Kwa timitsinje tothamanga totsika m'mapiri a Thyolo kulowera ku East Bank, maola 4 ndi ambiri. Kumeneko chimene chimagwira ntchito ndi mitengo yoyezera madzi ija yopakidwa utoto wobiriwira, wachikasu ndi wofiira, ndi munthu wa kumtunda amene ali ndi nambala yanu komanso mayunitsi m'foni. Ntchito ya mapu ndi kutiuza poika mitengoyo, ndiponso kuti madzi amatenga maola angati kuchoka pamenepo kufika kwa inu.

Pali radar inanso ya mumlengalenga yomwe siyang'ana mvula koma madzi osefukira. Setilaiti ya ku Ulaya ya Sentinel-1 imaona kudutsa mitambo, usiku ndi usana. Madzi odekha amathawitsa mafunde ake osabwerera, ndiye pa chithunzi amaoneka bii. Tikayerekeza chithunzi cha madzi asanabwere ndi cha pambuyo pake, timaona bwinobwino pamene anafika. Kuipa kwake, nthawi ya Freddy inali kudutsa pamalo amodzi kamodzi pa masiku 12, ndiye ikhoza kufika madzi atayamba kale kuphwa. Sioneranso bwino madzi a m'bango kapena a pakati pa nyumba. N'chifukwa chake ndikupempheni kanthu. Madzi akaphwa, mzere wa matope umatsala pa khoma la sukulu, la tchalitchi, pa thunthu la mlambe. Ulembeni ndi penti, mulembe ndi chaka chake. Wina wa mapu akadzabwera ndi foni yake n'kutenga malo ndi kutalika kwa mzerewo, adzatha kuwongola mapu ake. Midzi ina ili ndi mizere ya 2015, ya 2019, ya 2022 ndi ya 2023 pa khoma limodzi, ndipo ine khoma lotero ndimalikhulupirira kuposa chithunzi cha setilaiti.

Achimwene, ndimakhala ku Johannesburg. Kuno mvula ya matalala ikamabwera timaiona pa foni, timathamangira kubisa magalimoto. Bwanji kwathu osangogula makina omwewa?
*Mmalawi wa ku Joni*

Achimwene, kumeneko a South African Weather Service ali ndi ma radar angapo, ndipo imodzi ili ku Irene, pafupi ndi Pretoria, ikuyang'ana dera lonse la Gauteng. Malo ake ndi athyathyathya ndipo mitambo ya matalala ndi italiitali, choncho radar imaiona mosavuta. Ine ndikufuna kwathu tikhale nazo, ndipo ndimanena zimenezi pa msonkhano uliwonse. Koma kugula ndi gawo laling'ono la nkhaniyi. Makinawa amafuna magetsi osadukiza, jenereta ndi mafuta ake, intaneti yodalirika yotumizira zithunzi mphindi zingapo zilizonse, zipangizo zosinthira zochokera kunja, ndi amisiri olipidwa bwino kuti asathawire kwina. Mayiko angapo a mu Africa muno anagulapo ma radar omwe anagwira ntchito zaka zochepa n'kuima chifukwa chosowa kachipangizo kamodzi. Ndipo nthawi imene radar ikufunika kwambiri ndi yomwe magetsi amavuta: namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 tsiku limodzi. Dziko lathunso ndi lalitali ndi lamapiri, imodzi singakwane. Aliyense wobwera ndi pulani ya radar ndimamufunsa bajeti ya chaka chachisanu, osati ya tsiku lodula riboni.

Ine ndine wachikulire, za 1991 ku Phalombe ndinaziona ndi maso. Makolo athu ankati ndi Napolo akusamuka kuchoka kuphiri kupita kunyanja. Kodi makina anuwa amamuona Napolo?
*Agogo a ku Migowi, kudzera mwa mdzukulu wawo*

Agogo, ndagwira mwendo, zikomo polemba. Makinawa saona za m'kati mwa phiri. Amaona mvula yokha, nayonso moyerekeza. Koma makolo anasunga chinthu chimene mapu anga amachisowa kwambiri, ndicho kukumbukira njira imene madzi ndi miyala zinadutsa. Ku Zomba mu Disembala 1946, ku Phalombe mu Malichi 1991, ku Chilobwe, ku Chiradzulu ndi ku Mulanje mu Malichi 2023, nkhani yake ndi yofanana: mvula ya masiku angapo imakhutitsa dothi la paphiri, madzi amalowa mpaka pathanthwe, dothi limalemera n'kuterereka, kenako likalowa m'khwawa limasanduka phala lonyamula miyala yaikulu ngati nyumba. Pa kompyuta ndimatha kusonyeza malo otsetsereka kwambiri, makwawa amene amatsikira pamidzi, ndi mvula ya masabata apitawo. Zimenezi zimandiuza phiri limene lili pangozi, koma sizindiuza khwawa limene lidzagumuke kapena ola lake.

Zizindikiro zimene achikulire amanena ndi zomwenso akatswiri a miyala amaphunzitsa: akasupe kutumphuka pamalo pomwe sipanakhalepo kasupe, ming'alu panthaka kapena pakhoma, mitengo kupendekeka, madzi a mumtsinje kuda mwadzidzidzi, mtsinje kuphwa mvula ikadali kugwa, zomwe zimasonyeza kuti watsekeka kumtunda, ndi mkokomo wochokera kuphiri. Mdzukulu wanuyo akutengeni tsiku lina, mumusonyeze pamene miyala ya 1991 inadutsa ndi pamene inaima, iye azilemba malowo ndi foni. Akapereke ku komiti ya m'mudzi ndi ku ofesi ya DC. Anthu ambiri amene akumanga m'njira zimenezo lero anabadwa 1991 itadutsa.

Sukulu yathu ilibe choyezera mvula. Kodi tingapange tokha, ndipo manambala athu angakhale ndi ntchito kwa anthu ngati inu?
*Mphunzitsi wamkulu, Chitipa*

Angakhale ndi ntchito yaikulu, aphunzitsi, makamaka kumeneko komwe masiteshoni ali patalipatali. Choyezera chovomerezeka chili ndi kukamwa kwa mamilimita 127, ndipo ndi bwino kuyamba mwafunsa ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu ngati angakupatseni chimodzi. Chikasowa, pezani chitini chowongoka, chofanana kukula kuyambira kukamwa mpaka pansi, ndipo pansi pake pakhale pathyathyathya. Ndowa yotambalala kukamwa imanamiza. Chiikeni pabwalo, kutali ndi mtengo kapena nyumba, mtunda wosachepera kuwirikiza kawiri kutalika kwa chinthucho. Chimangirireni pa kamtengo kuti chisapendekeke, kukamwa kwake kukhale masentimita 30 kuchokera pansi, ndipo muchitchingire mbuzi ndi kampanda kakafupi.

Muziyeza ndi rula 8 koloko m'mawa tsiku lililonse, Loweruka, Lamulungu ndi patchuthi pomwe, kenako n'kutaya madziwo. Mvula yoyezedwa m'mawa wa Lachiwiri imalembedwa pa tsiku la Lolemba. Tsiku lopanda mvula lembani 0. Tsiku limene simunayeze siyani mpata, musalembe 0, chifukwa kwa ine ziwirizi n'zosiyana kwambiri. Mvula ikachuluka moti chitini chikufuna kudzaza, yezani, lembani nambala ndi nthawi yake, tayani, ndipo mudzaphatikize m'mawa. Ana asatuluke kukayeza kukuchita ziphaliwali. Pachikuto cha kope lembani dzina la sukulu ndi manambala a malo amene foni ikupatseni mutaima pafupi ndi chitinicho. Mwezi ukatha jambulani tsambalo ndi foni, mutumize kwa alangizi a zaulimi, ndipo kopelo lizikhala mu ofesi yanu.